Nthenga Zimanama: Kuyankha Ofuna Kubatiza Akabawi Athu

Ndikulemba kuchokera kuno ku Goromonzi, kummawa kwa Harare. Sabata yatha mbale wathu wina adatipatsa mndandanda wa mayina atsopano a mbalame zolusa, ndipo ambiri mudauombera m'manja. Iye adati Chichewa n'chosauka pankhani ya mbalame, popeza Mzungu ali ndi dzina la mtundu uliwonse pamene ife timangoti kabawi, kabawi, ngati ana ophunzira kuyankhula. Mankhwala amene adatilembera ndi akuti titenge buku la Chingerezi n'kutembenuza dzina limodzilimodzi: uyu akhale kabawi wakuda, uyo kabawi wotuwa, chinacho chiombankhanga chofiira. Ndadikira masiku angapo kuti mtima ukhale pansi, koma maganizo anga sadasinthe. Mndandandawo ndikuukana wonse, ndipo ndifotokoza chifukwa chake mwaulemu koma mosapsatira mawu.

Ndiyambe ndi zimene ndidaona ndi maso anga. Ndidakulira m'komboni ya papulazi ya fodya, monga ambiri a ife obadwira kuno. Agogo anga aamuna adachokera ku Ntcheu ali mnyamata, pamalole a Ulere amene ankatuta anthu kudzagwira ntchito m'mapulazi a Azungu. Kuseri kwa mabalani owotchera fodya kudali mtengo wa mthethe, ndipo chaka china mbalame ziwiri zidamanga chisa m'menemo, chisa chokutidwa ndi ulusi wa akangaude. Imodzi idali yotuwa, ya miyendo yofiira ndi timizere pamimba. Inzake idali yakuda bii, kupatula miyendo ndi patsinde pa mlomo. M'komboni mudabuka manong'onong'o akuti yakudayo si mbalame wamba, yachita kutumidwa. Anyamata tidatenga malegeni, ine ndili pomwepo, mpaka tidaigwetsa. Agogo ataiona adaitembenuza, adatambasula phiko lake, n'kupukusa mutu. "Mwamuphera mkazi mnzanuyo," adatero. "Uyu ndi kakozi yemweyo, wangovala zakuda." Pasanathe sabata chisa chija chidazizira.

Patapita zaka, ndili kuyunivesite, ndidaipeza mbalameyo m'buku. Asayansi amaitcha Micronisus gabar. Dzina loti gabar lidachokera kwa François Levaillant, Mfalansa amene adayendayenda kummwera kwa Africa kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo François Daudin adalilowetsa m'Chilatini mu 1800. Mwa mbalame zimenezi zina zimakhala zotuwa, zina zochepa zimadzakhala zakuda, ndipo yotuwa ndi yakuda zimakwatirana n'kuswa popanda vuto. Chidandiseketsa n'chakuti akatswiri a ku Ulaya adakhala nthawi yaitali akulemba yakudayo ngati mtundu wapadera, ataipatsa dzina lakelake loti niger, kutanthauza wakuda. Agogo anga, amene sadapondeko m'kalasi, adaona zimene anthu a mabuku zidawatengera zaka. Iwo sadayang'ane malaya. Adayang'ana miyendo, kaumbidwe ka phiko, kaulukidwe, ndiponso kuti mbalameyo inkagona chisa chimodzi ndi yani. Lero mbale wathu akufuna kuti tisiye nzeru imeneyo titole cholakwa chimene eni ake adachitaya kale.

Tengani mbalame imene akufuna tiziitcha kabawi wakuda, potembenuza dzina lakuti black sparrowhawk. Kuno timaidziwa bwino, chifukwa imakonda kumanga m'minda ya bulugamu imene eni mapulazi adadzala kuti azipeza nkhuni zowotchera fodya, ndipo imagwira njiwa, nkhunda, ngakhale nkhuku. Zambiri mwa izo kuno n'zakuda kumsana kokha. Pakhosi, pachifuwa ndi pamimba n'poyera mbee. Andrew Smith, amene adailemba m'mabuku a sayansi mu 1830, adaitcha melanoleucus, mawu a Chigiriki otanthauza chakuda ndi choyera. Ana ake ambiri amakhala ofiirira, a timizere pachifuwa. Ndiye mwana wasukulu amene mwamuphunzitsa kuti uyu ndi kabawi wakuda, akaiona itatera pabulugamu chifuwa chili mbee, kapena akaona mwana wake wofiirira, adzati waona chiyani?

Nkhani yake sithera pamenepo. Ku Cape Town, kumene mbalameyi idayamba kuswana m'zaka za m'ma 1990, Arjun Amar ndi anzake a ku FitzPatrick Institute, payunivesite ya Cape Town, adapeza kuti pafupifupi zitatu mwa zinayi zilizonse n'zakuda mpaka pamimba, pamene kumadera ena zoyera pamimba ndizo zochuluka. Adapezanso kuti kuda ndi kuyeraku n'kwakumtundu, kumayenda m'magazi, ndipo kuyera ndiko kumaposa mphamvu zikakumana. Mu 2016 adafalitsa zotsatira zosonyeza kuti zakuda zimagwira bwino nyama kukachita mdima, zoyera zimagwira bwino kukawala. Ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, nthawi yomwe mbalamezi zimalera ana, motero thambo limakhala lamitambo ndipo malaya akuda amapindula. Mbalame imodzimodziyo, magazi amodzi, koma malaya amatsata thambo la kumene ikukhala. Dzina lochokera pamalaya lingakhale loona ku Cape n'kukhala bodza ku Goromonzi.

Zitsanzo zilipo zambiri. Chiombankhanga chaching'ono chija chimafika kuno cha mu Ogasiti kudzaswa n'kubwerera kumpoto mvula ikamatha, chimene mabuku adachipatsa dzina la Johan August Wahlberg, mlenje wa ku Sweden amene adaphedwa ndi njovu mu 1856, chimapezeka chakuda, chofiirira, china chotuwira pafupifupi kuyera. Mbalame ina yotchedwa Buteo buteo vulpinus, imene imathawa chisanu ku Russia n'kudzakhala pamapolo a magetsi kuno m'dzinja, n'zovuta kupeza ziwiri zofanana ndendende. Onjezerani msinkhu. Mphungu wamkulu ndi wakuda, wa nkhope ndi miyendo yofiira, koma mwana wake ndi wofiirira thupi lonse ndipo zimamutengera zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu kuti avale za makolo ake. Nkhwazi imene ili pambendera ya Zambia imayamba ili ndi mawangamawanga, mutu woyera uja umabwera pambuyo pake. Makolo athu sadapatse mwana wa mphungu dzina lina. Adaona mchira waufupi ndi kupendamapendama kwake m'mlengalenga, nadziwa kuti ndi mphungu basi.

Wina adzati Azungu ndi Chilatini chawo ali ndi dongosolo lokhazikika, ife tilibe. Kodi lidakhazikika liti? Carl Linnaeus mwini wake, tate wa mayina a Chilatini, mu 1758 adalemba kabawi mmodzi wa kwawo kawiri: wamng'ono adamutcha Falco gentilis, wamkulu Falco palumbarius, poganiza kuti ndi mitundu iwiri. Nthenga zidamunamiza. Ndipo posachedwapa, mu 2024, ataunika DNA, akatswiri adaphwasula banja lalikulu la Accipiter n'kuligawa pasanu. Mbalame ya m'bulugamu ija tsopano ndi Astur melanoleucus. Imene inkatchedwa Accipiter tachiro, ija imazungulira m'mwamba m'mamawa ikulira modukizadukiza, yasanduka Aerospiza tachiro. Ting'onoting'ono tina tapita ku Tachyspiza. Zidapezeka kuti mbalame zina zofanana m'maonekedwe si pachibale kwenikweni, pamene zina zosiyana kwambiri n'zapamtundu umodzi. Sindikunyoza sayansi, kusintha maganizo pakapezeka umboni ndiwo ulemu wake. Ndikunena kuti sayansi yeniyeniyo idasiya kalekale kukhulupirira malaya. Mayina a Chingerezi amene mukufuna kutembenuzawo ndi zotsalira za nthawi imene anthu ankaombera mbalame, kuisenda, n'kutumiza chikopa ku London kuti munthu amene sadaionepo ikuuluka akaipatse dzina.

Tsopano ndibwere kumunda wanga, wa chiyankhulo. Kunena kuti tili ndi liwu limodzi lokha n'kusafunsa, ndipo paja safunsa adadya phula. Tili ndi kabawi, mphamba, kamtema, kakozi, mphungu, nkhwazi, chiombankhanga, muimba, kadzidzi. Ena mwa mayinawa ndi akale kuposa Chingerezi chimene tikuchigwadirachi. Kakozi wa agogo anga ali pachibale ndi rukodzi wa Chishona, kozi wa Chiswahili ndi ukhozi wa Chizulu. Tsinde limodzi la Chibantu lafalikira kuyambira kugombe la kummawa mpaka ku KwaZulu, kusonyeza kuti makolo adali nalo asanabalalike. Mphungu wathu ndi chapungu cha anzathu Achishona ndi liwu limodzi lovala mphatikiram'mbuyo wosiyana. Onaninso kuti ka- wa mu kabawi ndi kakozi adauma n'kukhala mbali ya dzina, monga mu kalulu ndi kadzidzi. N'chifukwa chake timati akabawi, osati tibawi, ndipo timati kabawi wabwera, monga momwe tinganenere za munthu. Chiyankhulo chidaika mbalamezi m'gulu la ochita zinthu mwadala, amene muyenera kuwadziwa khalidwe lawo.

Khalidwe ndilo maziko a mayina athu. Chiombankhanga ndi chimene chimaomba nkhanga. Dzinalo likukuuzani kukula kwake, mphamvu zake ndi chakudya chake m'liwu limodzi. Likhalabe loona chikakhala chaching'ono chili choyera kumimba, likhalabe loona chikakula n'kuda pachifuwa. Mayi amene ali ndi nkhuku khumi pabwalo safuna kudziwa ngati mbalame ili yotuwa kapena yofiirira. Akufuna kudziwa ngati imatsika pa anapiye, imabwera mwezi wanji, imatulukira m'mwamba poyera kapena imabisala m'mitengo. Kabawi wa mlomo wachikasu ndi mchira wamphanda, amene amafika chilimwe chikamayamba n'kumazungulira pamwamba pa komboni, mumamuona akubwera ndipo mukhoza kukuwa. Wa m'bulugamu uja mumangomva nkhuku zalira, watha kale. Kusiyanitsa kotereku ndi kumene kumapulumutsa ndiwo.

Palinso china chimene otembenuza mayina sadachiganizire. M'Chichewa kuda, kuyera ndi kufiira ndi aneni. Timati kunja kwada, chimanga chayera, mango afiira. Galamala yathu imatenga maonekedwe ngati chinthu chimene chimafika n'kupita, ndipo pa mbalame zosintha nthenga chaka ndi chaka palibe kaganizidwe koyenera kuposa kameneka. Komanso mawu athu a maonekedwe ndi otambalala. Brent Berlin ndi Paul Kay adasonyeza mu 1969 kuti ziyankhulo zimagawa maonekedwe mosiyanasiyana, ndipo kufiira kwathu kumanyamula magazi, dothi la katondo, ng'ombe ya khofi, ngakhale khungu la munthu. Mukati kabawi wofiira mwatchula ana a mitundu isanu kapena kuposerapo nthawi imodzi. Mukati wotuwa mwatchula gabar uja, mwatchula tachiro wamwamuna, mwatchulanso ena angapo. Mndandanda umene udabwera kudzathetsa chisokonezo ndiwo ukuchichulukitsa.

Mwina mukuti izi ndi zokangana za anthu a mabuku. Pitani mukaone zimene zimapachikidwa pamipanda ya makola. Pali kambalame kotuwa, ka miyendo yofiira, kamene kamakhala duu pawaya wa magetsi kapena panthambi kakuyang'ana pansi. Pakhosi pake poyera pali kamzere kamodzi kakuda kotsika, ndipo n'chifukwa chake Chilatini chimakatcha Kaupifalco monogrammicus, wa mzere umodzi. Chakudya chake chenicheni ndi abuluzi, ziwala, tinjoka ndi mbewa za m'munda. Ameneyu ndi mlonda waulere wa chimanga chathu. Koma poti ndi wotuwa ngati ena ogwira anapiye, ndipo amakhala phee osathawa msanga, ndiye amene legeni imamupeza. Ndaona oposa mmodzi atapachikidwa chadodolido kuti akhale chenjezo kwa akuba amene iye sawadziwa n'komwe. Mukaphunzitsa ana kuti onsewa ndi kabawi wotuwa, mwasainira imfa yake. Mukamutcha potengera ntchito, monga wodya abuluzi, mwana adzatsitsa legeni. Ndipo mukakhomerera dzina loti wakuda pa mbalame, m'madera mwathu muno momwe chakuda chouluka chimaganiziridwa zaufiti, mukudziwa nokha chimene chidzatsatire. Ine ndidachichita ndi manja anga.

Ndisaname, mbale wathuyo ali ndi mfundo imodzi yoona. Mayina athu sakwanira kulemba buku la sukulu la mitundu yonse, ndipo sagwirizana paliponse. Mbalame imene wa ku Dedza amati kabawi, wa ku Chipata kapena wa ku Angonia akhoza kuitchula mwina, ndipo dzina limodzi limatha kunyamula mitundu iwiri kapena itatu. Kusowako kulipo, ndipo kuno ku Zimbabwe kukupweteka kwambiri. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, koma mwana wa m'komboni ku Bromley kapena ku Melfort mukamuonetsa mbalame adzakuuzani gondo kapena rukodzi, ndipo mwina sadamvepo liwu loti mphamba. Chiyambire kugawidwa kwa mapulazi mu 2000, makomboni ambiri adabalalika, ndipo agogo amene ankasunga mawuwa ali ku Epworth, ku Caledonia, ena kumanda. Ndikumvetsa mtima wofuna kudzaza msanga mpata umenewu. Koma nyumba ikadontha sitifolera ndi mapepala. Kutembenuza Chingerezi n'kosavuta chifukwa kumachitika munthu ali pampando. Kufunsa agogo kumafuna ndalama ya basi ndi kudzichepetsa.

Ifeyo, obadwira m'mapulazi, tidayenera kukhala oyamba kukayikira dzina lopatsidwa ndi munthu wongoyang'ana patali. Makolo athu adachokera ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Katete, ku Tete, Achewa, Ayao, Angoni, Alomwe ndi Asena, koma kuno onse adangotchedwa mabhurandaya, ngati kuti dziko lonse ndi Blantyre. Pazitupa za ambiri padalembedwa kuti alien ngakhale mchombo wawo udagwera m'dothi lomweli. Tikudziwa kuti chizindikiro chimodzi chikasanduka dzina, china chilichonse cha mwini wake chimaiwalika. Sindikuti mbalame ndi anthu. Ndikuti ulesi wa diso ndi womwewo.

Nanga tichite chiyani? Poyamba tisonkhanitse zimene zilipo tisanapeke zatsopano. David Clement Scott adalemba dikishonale yake ya Chimang'anja mu 1892, Alexander Hetherwick adaikonzanso mu 1929, a Centre for Language Studies ku Zomba adatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ndipo Brian Morris adalemba zambiri za momwe Amalawi amagawira nyama m'magulu. Wina mwa ife adutse m'mabukuwa atole mayina onse a mbalame zolusa. Kenaka aliyense pabwalo lino apite kwa munthu wachikulire mmodzi ndi foni m'manja. Musamuonetse chithunzi cha m'buku, poti iye sadaphunzire mbalame itaima chilili papepala. Muonetseni kanema ikuuluka, mumveretseni kulira kwake. Amene muli ku Harare mungathe kupita nawo ku Kuimba Shiri, m'mbali mwa nyanja ya Chivero, akazione zamoyo. Lembani dzina, kwawo kwa wonenayo, chimene mbalameyo imadya, mwezi umene imaoneka ndi pamene imakonda kutera. Tikaphatikiza za ku Goromonzi, ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Ulongwe, tidzaona kuti ndi mayina ati akugwirizana, ati akusemphana, ndipo ndi pati pali mpata weniweni.

Pamipata yeniyeniyo tipeke, koma tipeke ngati eni chiyankhulo, potsata njira ya chiombankhanga: mneni ndi chochitiridwa, kapena kulira kwa mbalameyo, kapena nyengo yake. Dzina la Chilatini likhale pambali ngati nambala ya chitupa, kuti wa ku Mozambique ndi wa ku Zambia adziwe kuti akunena mbalame imodzi. Maonekedwe alowe m'kufotokoza, pamene tili ndi chuma chimene Chingerezi chilibe: bii, mbee, mbuu, psuu, mawangamawanga, madonthomadontho. Buku linene kuti mbalame yakutiyakuti nthawi zina imakhala mbuu, nthawi zina bii, ikakhala yaing'ono imafiirira, koma miyendo yake siisintha. Chiganizo chotero n'choona, ndipo mwana akachiwerenga sadzagenda mkazi wa mnzake.

Kwa mbale amene mudalemba mndandanda uja, sindikukutsutsani ngati mdani. Mudatikumbutsa ntchito imene tonse tidaigonera, ndipo pa chimenecho zikomo. Ndikukupemphani kuti muubweze kaye. Akuluakulu adati mphungu sataya nthenga. Nafenso tisataye liwu limodzi la makolo tisanalifufuze kuti linkanyamula chiyani. Ogasiti ali pafupi, ndipo akabawi a mchira wamphanda ayamba kuzungulira pamwamba pa makola athu. Woyamba akaoneka, kaitaneni agogo atuluke panja, muwalozere, muwafunse kuti uyo ndani. Yankho lawo mulilembe monga momwe alinenera, mutibweretsere pano. Ine ndayamba kale ndi amayi achikulire awiri a ku Juru, ndipo ndidzaika pano zimene andiuza mwezi ukamatha.